Kachilumba ka Udzu Wosatchetcha

Mwezi wa Meyi ukafika, Mayi Postma sankafuna kuona ophunzira awo ataunjikana m'kalasi. Ankati nkhani ya mbalame zimene zikutha m'madambo mwathu muno munthu saiphunzira pa bolodi, amaiphunzira nsapato zitanyowa. Ndiye anawatuma anawo awiriawiri pa njinga, kuti akagogode kwa alimi n'kuwapempha asatchetche msanga udzu, adikire kaye mazira a mbalame yotchedwa skries aswe.

Jildou, mtsikana wokonda kulota dzuwa likuswa mtengo, anamugawira famu ya kwawo komwe. Mnzake Hidde anaseka mpaka njinga inatsala pang'ono kumuponya m'ngalande.

"Ndiye ukagogoda kwanu? Ukanena odi kwa galu wako yemwe?"

"Aphunzitsi ati aliyense akalowere khomo la kumaso, ngati mlendo."

Khomo la kumaso la kwa a Wiersma, kwawo kwa Jildou, linali lisanatsegulidwepo chichitikireni ukwati wa azakhali ake. Kuno munthu wodziwika amazungulira kuseri, cha kukhola. Bambo ake a Jildou, a Tjalling, analimbana nacho chitsekocho, chitafufuma ndi chinyontho, mpaka chinavomera mokakamizika.

"Alendo athu," anatero, nkhope ili gwa. "Lowani. Mwachokera kutali?"

Anawakhazika pabalaza, kuwathirira khofi, kuwapatsa bisiketi imodziimodzi n'kutseka chitini, monga timachitira. Jildou anayala zonse zimene anaphunzira: kuti skries imachokera kutali kumayiko otentha kudzaikira mazira pansi, mu udzu; kuti kale zinkasokosa dambo lonse koma lero zatsala zowerengeka; kuti m'munda wa kuseri kwa khola muli chisa, anachiona ndi maso ake. Anachita manyazi, kenako anapsa mtima, chifukwa bambo akewo ankangogwedeza mutu mwaulemu ngati akumvera ulaliki.

"Mwalankhula bwino, mayi," anatero. "Koma mvula ili m'njira, ndipo ng'ombe zanga sizidya mazira. Mawa ndikutchetcha."

"Ababa."

"Aa, mlendo uja wapita kale?" Anamuyang'ana mwana wawo kwa kanthawi. "Chabwino. Mawa m'mawa ukaime pachisa chakocho. Pamene waimapo ndipazungulira. Popanda munthu ndingodutsa."

Kunacha ndi nkhungu. Dziko lathu lino lilibe phiri loti n'kugwirapo maso, ndiye nkhungu ikagwa chilichonse chimayandama. Ng'ombe za kutsidya kwa ngalande zinali misana yokhayokha, yopanda miyendo. Nsanja ya tchalitchi inangoti lende m'mwamba, mudzi wake osaoneka. Jildou anayenda mu udzu wofika m'mawondo, mame akumulowa m'nsapato, mpaka mbalame ija inabuka patsogolo pake, miyendo yaitali ili lendelende, ikulira. Mazira anali pomwepo, anayi, a mawangamawanga. Anawakhudza ndi kuseri kwa chala. Anali ofunda.

Thirakitala inayambira kumalire, kutali, ikumveka ngati munthu wong'ung'udza nyimbo m'chipinda china. Fungo la udzu wodulidwa linabwera pang'onopang'ono. Jildou anaimirira chilili, maganizo n'kumuthawa monga mwa nthawi zonse. Anadziona ali m'mwamba pamodzi ndi mbalameyo, pansi pali mchenga wosatha, kenako nyanja, kenako madenga ofiira, iye akufunafuna kamunda kamodzi kameneka pakati pa minda yonse yofanana. Ankati akatsegula maso, thirakitala yayandikirako. Bambo ake akamadutsa ankangodzutsa chala chimodzi pa chiwongolero, moni wa alimi akuno, n'kulowanso m'nkhungu.

Dzuwa litayamba kuboola, anadutsa komaliza, pafupi kwambiri moti nthaka inanjenjemera. Anamusiyira kachilumba ka udzu kakang'ono, kosaposa pabalaza paja. Thirakitala inapita kuchipata n'kuzima.

Apa ndi pamene Jildou anaona akhwangwala. Anali atatera pamalo otchetchapo, akudumphadumpha, akunamizira kutola nyongolotsi. Akhwangwala ndi akuba opanda manyazi, ndipo si opusa ayi: munda wonse uli mbee, kachilumbako kankaoneka ngati tsumba pamutu wometa. Anawakuwiza. Iwo anangosuntha pang'ono, mwamwano.

M'mwamba mayi wa mazira uja ankazungulirabe, akulira, osatera. Akanatera bwanji munthu ataima pakhomo pake? Jildou anawerama n'kukhudzanso mazira aja. Anali atayamba kuzizira.

Mantha anamugwira. Akakhala, mazira afa ndi chisanu. Akachoka, akhwangwala ali pompo. Zimenezi m'kalasi sanaziphunzire, ndipo panalibe woti amufunse. Anaimabe pang'ono, kenako anatulutsa phazi mu udzumo n'kuyamba kuyenda.

Munda umene m'mawa unali waufupi tsopano unatalika. Kuchipata bambo ake anali atatsika, atatsamira thabwa, maso awo akudutsa pamwamba pa phewa lake.

"Usacheuke," anatero motsitsa atayandikira. "Ikaona nkhope yako sitera."

"Akhwangwala ali pati?"

"Iwe yenda. Pang'onopang'ono, ngati ng'ombe yopita kokamwa madzi."

"Ababa, ndiuzeni."

Kulira kwa mbalame kuja kunasiya mwadzidzidzi, dambo lonse linangoti zii, ndipo Jildou sanadziwe ngati kumeneko kunali kutera kapena kutaya mtima. Anafika pachipata n'kugwira thabwa lonyowa ndi manja onse awiri. Anayang'ana nkhope ya bambo ake, poti kwina koyang'ana kunalibe. Munthu wamkulu uja anali atayasama pang'ono, osaphethira.

"Yatera," ananong'ona. "Yatera patali, ikunamizira kudya. Wochenjera ameneyu. Khwangwala mmodzi akusendera. Ayi, yamuthamangitsa, yamujompha pamsana. Taona... ayi, usaone. Ikulowa mu udzu. Mutu wokha ndi umene ukuoneka tsopano."

"Kenako?"

"Dikira. Ikudzigwedeza. Yakhalira."

Jildou anagonetsa chipumi pathabwa paja, misozi ikutsika yokha. Anakhala choncho nthawi yaitali, atafulatira munda, ng'ombe zikulira kukhola kufuna chakudya, bambo ake osasuntha, akumuuzabe monong'ona chilichonse chimene mbalameyo inkachita.