Uthenga Unam'peza kwa Mayi Odom

Vernon Tidwell anachotsedwa ntchito ali m'nyumba ya eni, mbale ya nkhuku yokazinga ili pamiyendo.

Anali kochi wa otchinga kumbuyo pa timu ya mpira wa ku America, wogwetsana uja, ya koleji ina ku Arkansas. Anayambira ku Kansas ali ndi zaka 23, ntchito yake kunyamula mipira ndi kuwiritsira akuluakulu khofi. Kenako Ohio, Utah, Texas kawiri, ndi kwina komwe mkazi wake Lorna ankati waiwala ngakhale kumene kunali khitchini. Ana awo awiri anaphunzira m'masukulu asanu ndi awiri.

Lolemba limenelo masana anali ku Mississippi kwa Mayi Odom, namwino, amene mwana wawo Jarvis ankalimbiranidwa ndi makoleji anayi, kuphatikizapo ya Tidwell, chifukwa cha luso lake pa mpira. Jarvisyo anali asanaweruke kusukulu.

"A Kochi, ine mpirawu sindiudziwa," anatero mayiwo. "Ndimangoona anthu akugundana mitu ngati nkhosa. Funso langa ndi limodzi. Mwanayu akavulala, kapena akayamba zopusa, ndidzaimbira inuyo?"

"Ineyo, mayi."

"Zaka zinayi zonse za ku koleji?"

Foni inanjenjemera m'thumba. Anapepesa n'kuyang'ana. Unali uthenga wochokera kwa kochi wamkulu: "Atichotsa tonse. Makiyi a maofesi akuwafuna Lachitatu. Pepa m'bale wanga."

Anawerenga kawiri. Anadikira kuti mtima uthamange monga unachitira ku Ohio, tsiku lomwe anamuchotsanso ntchito iye n'kukasanza kuseri kwa galimoto. Sunathamange. Anangoona kuti nkhukuyo yachepa mchere.

"Kwagwanji?" anafunsa Mayi Odom.

"Andichotsa ntchito."

"Liti?"

"Pompano."

Mayiwo anaseka, kuseka kosakoma. "Ndiye zaka zinayi zija zatha musanamalize ntchafu imodzi?"

"Zikuoneka choncho."

"Malizani kudya. Ndaphika kale."

Anamaliza. Anathokoza, nakatsuka mbale yake ngakhale anamuletsa. Kubwerera kwawo unali ulendo wa maola asanu, ndipo sanatsegule wailesi. Pamalo ena omwetsera mafuta anaimbira Lorna.

"Ndamva kale," anatero mkaziyo. "Alengeza pa TV. Pano tikupita kuti?"

"Sindikudziwa."

"Ukadziwa undiuze. Koma Vernon, ine ndatopa ndi makatoni osamukira. Ulendo uno upita wekha. Sindikukusiya, ndikungokhala."

"Chabwino."

"Basi? Chabwino basi?"

Mafuta anali atadzaza, ndipo wa galimoto ya kumbuyo anayamba kuliza hutala.

Ntchito inapezeka patatha masiku khumi. Mnzake wakale wa ku Utah anapatsidwa timu ku Louisiana, ndipo anafuna munthu wodziwa kuphunzitsa anyamata kugwetsa mnzawo popanda kuthyoka khosi. Sanali udindo waukulu. Tidwell anavomera osafunsa zambiri.

Lachisanu lake anaimanso pakhomo pa Mayi Odom, atavala malaya obiriwira a koleji yatsopanoyo. Mayiwo anali atavala zakuntchito, makiyi ali m'manja.

"Ee, a Kochi! Sabata yatha munali ofiira."

"Ndasamuka, mayi. Sukuluyi ndi yabwino. Jarvis akabwera kwathu..."

"Kwanu kuti?"

Anatchula dzina la tawuniyo, koma analakwitsa katchulidwe. Mayiwo anamukonza.

"Inu ndinu munthu wabwino," anatero akukhoma chitseko. "Tsiku lija simunandinamize, ena akanandinamiza. Koma mwanayu apita ku koleji ya pafupi pompa. Kochi wake ndi chitsiru, aliyense akudziwa, koma ine ndikhoza kufikako pa basi."

"Mwaganiza bwino."

"Simukundinyengerera n'komwe?"

"Ayi, mayi."

Mayiwo anamugwira paphewa pang'ono, nauyamba ulendo wa kuntchito.

Ku Louisiana anam'patsa kaofesi kopanda zenera, pafupi ndi chipinda chonyamulira zitsulo zolimbitsa thupi. Tsiku lonse khoma linkagwedezeka. Analumikiza kanema n'kuyamba kuonera masewera a chaka chathacho, akubweza malo amodzi kasanu, kakhumi, kulemba manambala a anyamata omwe anali asanawaonepo. Nambala 31 ankatembenuka mochedwa. Nambala 8 ankaopa kugunda.

Mlembi wa timu anasuzumira. "A Kochi, pachitsekopa padakali dzina la amene anachoka aja. Lanu limalembedwa bwanji, tikonzetse?"

"Musavutike, mayi. Likhale kaye."

Linakhala mpaka Epulo. Anyamata ena atsopano ankamuitana ndi dzina la pachitsekolo, ndipo iye ankayankha.