Mawondo a Golo Shuta

Mawu akuti nyamakazi ndinali ndisanawatchulepo ndi pakamwa panga kwa munthu aliyense. Ngakhale amayi anachita kumva kwa dokotala, ine maso ali pa nsapato. Ndili ndi zaka seventini, ndangolemba kumene matiriki, mayeso omaliza a ku sekondale, koma m'mawa ndikadzuka mawondo anga amatsalira m'tulo. Ndimatsika pabedi ngati munthu amene ali ndi zidzukulutuvi.

Ku Ivory Park, kuno ku Joni, ndili ndi mnzanga mmodzi yekha, Shamima, wa nyumba yoyang'anizana ndi yathu. Amalankhula za anthu awiri, n'chifukwa chake timagwirizana. Tsiku lina tikuchokera kogula buledi anandifunsa chimene ndimatsimphinira.

"Ndinavulala pa netibo, kumudzi," ndinatero.

"Haibo! Iweyo Elina? Unkasewera pati?"

"Golo shuta."

Ndi malo okhawo amene ndinkawadziwa dzina. Kusukulu ku Ntcheu, anzanga akamasewera, ine ntchito yanga inali yolondera nsapato zawo.

Lachiwiri lililonse ndinkapita kuchipatala kwa Sisi Asma a fiziyo, amene amaphunzitsa odwala mafizo. Ndinkaganiza kuti andiuza ndizigona, ndipo pa zogona ndine katswiri. Koma ayi.

"Mankhwala amachepetsa kutupa," anatero, "koma bondo ukalisiya limauma. Limbitsa ntchafu kuti zizilithandiza katundu."

Anandiphunzitsa kuthowa mawondo ndi thaulo lofunda, kuwongola mwendo nditakhala pampando n'kuwerenga mpaka teni, ndi kudzuka pampandopo osagwira paliponse. Tsiku limene bondo latupa n'kutentha, anati ndizichepetsa, koma osasiyiratu. Anandipatsanso lamba wa labala wofiira woti ndizikoka ndi mwendo.

Ndinkachita zimenezi chitseko chili chotseka, amayi atapita kuntchito ku Randburg. Koma Shamima sagogoda. Anandipeza lamba ndamumanga ku mwendo wa bedi, ndikukoka, thukuta kamukamu.

"Eish, mpaka zida!" anakuwa. "Ndiye kuti ndiwe pulofeshonolo eti?"

Apa m'pamene munthu wanzeru akanaulula. Ine ndinangoti, "Pang'ono."

Vuto linali lakuti mafizo aja anagwira ntchito. Patatha miyezi itatu ndinkakwera takisi osayamba ndapemphera. Ndinkafika kumsika n'kubwerera osakhalapo pansi. Sisi Asma anandiwombera m'manja. Shamima nayenso anaona, ndipo anakandilembetsa mu timu ya atsikana a ku Malawi a m'dera lathu, yoti ikasewere ndi a ku Tembisa Loweruka.

"Ndawauza onse kuti tili ndi shuta wa ku Ntcheu," anatero. "Glory, shuta wathu wakale, ndamuchotsa, wakwiya koma apola."

Ndinafunsa Sisi Asma mozungulira, ngati kuti ndikufunsira munthu wina, ngati wodwala ngati ine angadumphe pa simenti.

"Munthu winayo umuuze kuti ayambe wayenda ndi kupalasa njinga," anayankha akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Zodumpha tikambirana akalimba. Amve bwino, Elina."

Sabata yonse ndinakonza mabodza atsopano. Maliro, chimfine, amayi andituma. Ndinafika poganiza zosiya mafizo kuti nditsimphinenso, koma nditakumbukira ululu wa m'mawa uja ndinaona kuti ngakhale kupusa kwanga kuli ndi malire. Chimene ndinkaopa sichinali mpira. Shamima amakhululuka zambiri, koma amadana ndi kumupusitsa, ndipo akandisiya ndiye kuti ku Joni konse kuno ndatsala ndi amayi ndi lamba wofiira.

Loweruka masana bwalo linadzaza. Azimayi anabwera ndi maambulera, wina akugulitsa mafiriziti. Glory anakhala pa kreti atapinda manja, akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Shamima anandiveka kansalu ka pachifuwa kolembedwa GS, n'kundiponyera mpira kuti ndiyeserere. Unandimenya pamphuno.

"Ndi dzuwa," anandiikira kumbuyo. "Lamuthobwa m'maso."

Zimenezi n'zimene zinandimaliza. Woyimbira anali ataika kale wezulo pakamwa. Ndinavula kansalu kaja, n'kumukokera Shamima kuseri kwa chimbudzi.

"Bwanjinso, mnzanga? Bondo?"

Ndinayang'ana nsapato zake, poti nsapato ndiye ndimazidziwa.

"Shami, kansaluka kam'patse Glory. Ine netibo sindinasewerepo chibadwire. Sindinavulale. Ndili ndi nyamakazi."