Kenan Anayang'ana Pansi

Galimoto ya mlendo itaima panja pa nyumba yawo ku South Bend, ku Amereka, Edmond anamukoka mwana wake Kenan pamkono n'kumukumbutsa kachitatu: mlendo akalowa apereke moni ndi manja awiri, akhale pampando waufupi, ndipo asamutuzulire maso munthu wamkulu ngati mwana wosaleredwa. Zoyankhula asiyire bambo ake.

Mlendoyo sanali munthu wamba ayi. Anali kochi wa yunivesite yaikulu, ya timu yooneka pa TV Loweruka lililonse, ndipo anayenda ulendo wonsewo kudzaona Kenan. Mpira wake ndi uja wa ku Amereka, wa zipewa zolimba, wogundana ngati nkhosa zamphongo. Malamulo ake Edmond ankangowamvera m'mwamba. Chomwe ankadziwa n'chakuti mwana wake, amene anali m'chaka chomaliza ku sekondale, akautenga mpira n'kuliyatsa liwiro, bwalo lonse linkaimirira.

Kenan anachita monga anauzidwira. Chimnyamata chodzaza chitseko chija chinakhala duu, manja pamaondo, maso pakapeti. Kochi akafunsa chimene mnyamatayo akufuna pa mpira, Edmond ankalumphirapo: mwanayu ndi womvera, sayankha akuluakulu, kutchalitchi sajomba. Kochi anapendeka kawiri katatu kufunafuna nkhope ya Kenan, kenako anayang'ana wotchi. Tiyi amene Vainess, mayi a Kenan, anamuthirira anamusiya theka. Edmond anamuperekeza mpaka pagalimoto mtima uli myaa, akuti mzungu waona yekha kuti ana timalera ndi ife.

Loweruka lotsatira anapita ku Indianapolis ku chinkhoswe cha mwana wa Mmalawi mnzawo, ndipo nkhani anaiwaza patebulo lililonse. Mlamu wake Chester, nesi wa pachipatala china cha m'tauni, anamuseka.

"Alamu, inu ndiye mukugula mbereko mwana asanabadwe."

"Nsanje imeneyo," anatero Edmond. "Konzani TV yanu basi."

Disembala anatha, foni ili zii. Januwale anafika pakati, kalata osaoneka. Kenan anangoti pakamwa tseke, akabwera ku sukulu n'kulowa kuchipinda. Tsiku lina Edmond ataweruka ku nyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito, anakhotera ku sekondale kukaonana ndi Gray, kochi wa Kenan. Gray anazungulirazungulira, koma ataona kuti bamboyu sachoka, ananena. Kochi wa ku yunivesite uja miyendo ya mnyamatayo anaikonda, koma anati mwana wosatha kumuyang'ana m'maso, woyankhulidwira ndi bambo ake, mpirawo sakuufuna, ndipo pakathina sangalimbe. Malo anapatsa wina.

"Kenan akudziwa zimenezi?" anafunsa Edmond.

"Ndinamuuza Khirisimasi isanafike. Anandipempha kuti inu ndisakuuzeni."

Edmond anakakhala m'galimoto osailiza, sinowo, chipale chofewa cha nyengo yozizira, akuunjikana pagalasi. Poyamba unamugwira mkwiyo. Dziko lanji lomwe mwana waulemu amamuyesa wamantha? Koma mkwiyo sunakhalitse, anatsala ndi manyazi ndi chisoni. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu akumuweramitsa mwana mutu, monga bambo ake anamuweramitsira iye ku Mulanje, ndiye lero ulemu womwewo wamutsekera mwanayo chitseko. Ndipo mwana uja anasenza zimenezi mwezi wathunthu yekhayekha, akudya naye patebulo limodzi, kuti bambo ake asachite manyazi. Atafika kunyumba anamuuza Vainess yekha. Vainess sanamudzudzule, anangopukusa mutu n'kupitiriza kusita yunifolomu yake.

Kumapeto kwa mwezi kunabwera kochi wina, wa koleji yaing'ono ya kum'mwera kwa Indianapolis, chakufupi ndi Beech Grove. Anabwera pa kagalimoto kadzimbiri, atavala juzi yothethekera m'zigongono. Bwalo lawo, malinga ndi chithunzi chomwe anabweretsa, linali ndi mabenchi mbali imodzi yokha, ndipo za TV kunalibe n'komwe. Edmond anamupatsa moni, kenako anati sinowo wadzaza panjira, n'kutenga fosholo kutuluka.

Panjirapo panalibe sinowo wochuluka chotero. Anapala pomwe anali atapala kale, akuba maso pawindo. Anaona Kenan akuyankhula, manja ali m'mwamba kusonyeza mmene amazembera adani, kochi akugwedeza mutu. Kenako mnyamatayo anaseka, mutu chagada, mano onse pamtunda. M'nyumba imeneyo Edmond anali asanamuonepo mwana wake akuseka chotero pamaso pa munthu wamkulu. Zinamupweteka kwambiri, chifukwa anadziwa kuti chasintha n'chimodzi chokha: iye anali panja.

Mlendo atapita, Kenan anaima pakhomo, maso pansi, n'kunena m'Chingerezi chake kuti wasankha koleji yomweyo. Akuti kumeneko akasewera chaka choyamba chomwe, osati kukhalira benchi, ndipo kuli maphunziro othandiza anthu ovulala mafupa. Edmond anali ndi mawu ambiri okonzeka, oti adikire kaye, mwina yunivesite ina yaikulu iimba foni, nanga anthu ku Indianapolis akawauza chiyani. Anayang'ana Vainess, n'kuwameza mawu onsewo.

"Chabwino," anatero.

Mu Ogasiti anamuperekeza Kenan ku koleji. Maola atatu pamsewu wa 31, chimanga mbali zonse, m'galimoto mukumveka wailesi yokha. Chester anawachingamira pakolejipo kudzathandiza kunyamula zikwama, ndipo tsiku limenelo za TV sanazitchule. Kukoma mtima kumeneko kunamulasa Edmond kuposa chipongwe.

Katundu atalowa, Vainess anapemphera, anakumbatira mwana wake, n'kupita kugalimoto akupukuta m'maso. Anatsala awiri pakhonde la hositelo. Kenan anatambasula dzanja lamanja, lamanzere litagwira pamkono, mutu woweramitsa, ndendende monga anaphunzitsidwira. Edmond analigwira dzanjalo osalisiya.

"Gray anandiuza zonse," anatero. "Ndinakulakwira, mwana wanga. Tandiyang'ana."

Kenan anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Maso ake anakwera mpaka pabatani lapakhosi la malaya a bambo ake, anaima pamenepo kanthawi, kenako anagweranso pansi.

"Palibe kanthu, adadi," anatero m'Chichewa chake chopotoka chija.

Mnyamata wina wa timu anamuitana kuchokera kubwalo. Kenan anatembenuka, anamuyang'ana mnzakeyo m'maso, anakweza dzanja, n'kuthamangira komweko. Edmond anaima pakhondepo mpaka mwanayo atakhota kuseri kwa mabenchi. Kenako anapita kugalimoto, anapereka makiyi kwa Vainess, n'kumuuza kuti ayendetse ndi iye.