Dzanja Limodzi la Mtedza

Bambo wa pabutchala ankazidziwa bwino impso. Kwa zaka makumi atatu ankazichotsa m'mafuta, kuzitsuka, n'kuziyala pathireyi pafupi ndi chiwindi. Akangoziona ankadziwa ngati ng'ombe inali yathanzi kapena yodwala. Koma impso za mkazi wake, munthu wogona naye chipinda chimodzi, zinafooka iye osadziwa kanthu, ndipo zimenezi zinkamudya mumtima.

Kuchipatala namwino sanazungulire. Anati impso za mayiwo zayamba kutopa koma sizinafike poipa, ndipo akasamala akhoza kukhala zaka zambiri osalumikizidwa kumakina osefa magazi.

"Nyama achepetse kwambiri, mchere chimodzimodzi," anatero namwinoyo. "Azidya nyemba, masamba, ndi mtedza wosathira mchere, dzanja limodzi patsiku. Magazi tiziwayeza. Zikasintha tidzakuuzani zina."

Bamboyo anagwedeza mutu kuvomera, koma mumtima munali zina. Munthuyu mawu okoma sankawatha. Kunena kuti "ndimakukondani" kunkamulemera kuposa kunyamula mwendo wa ng'ombe. Chikondi chake chinkafika pakhomo madzulo alionse chitakulungidwa m'pepala: nthuli yofewa imene ankaibisa pansi pa kauntala, kasitomala achonderere bwanji. Ndiye lero amuuze kuti azilowa m'nyumba chimanjamanja?

Poti mapazi a mayiwo ankatupa akaima nthawi yaitali, bamboyo anati aziphika yekha. Mayi anaseka mpaka kugwira nthiti, koma anamusiyira khitchini. Sabata yoyamba anaphika monga anauzidwira. Ankangomuyang'ana mkazi wake akutafuna masamba opanda mchere. Iye ankaona ngati akumulanga ndi njala.

Ndiye anayamba zake. Kuseri kwa butchala ankawiritsa mafupa ndi mchere wambiri, msuziwo n'kuuthira m'botolo, botolo m'thumba la jekete. Kunyumba ankautsanulira m'nyemba atatseka chitseko. Mtedza ankagula wokazinga wamchere, poti winawo ankati sukoma, ndipo ankauyeza ndi dzanja lake, dzanja longa fosholo.

"Nyemba zanu zikukoma bwanji masiku ano, bambo!" ankatero mayiwo. Bamboyo ankangokhosomola monyada, amvekere ndi luso chabe.

Patatha miyezi iwiri anabwerera kuchipatala, mayi atavala masilipasi chifukwa nsapato zinali zitakana kulowa. Namwino anayang'ana pepala la zotsatira nthawi yaitali, kenako anavula magalasi.

"Mayi, magazi akuthamanga kwambiri, ndipo impso zabwerera m'mbuyo. Mukapitiriza chonchi, makina aja sali kutali. Mukudya chiyani kunyumba? Musandinamize."

Mayiwo anayang'ana pansi. "Ndine wosamva ndine, anamwino. Bambo akapita kuntchito ndimadya nyama mobisa."

Bamboyo anatembenukira kwa mkazi wake. M'nyumbamo munalibe nyama ngakhale kanthuli, ndipo iye ankadziwa bwino lomwe.

"Akunama awa!" anatero bamboyo. "Ndine. Ndimathira msuzi wa mafupa m'nyemba. Mtedza ndimagula wamchere. Iwo sadziwa chilichonse."

"Sindidziwa?" anatero mayiwo motsitsa mawu. "Mkazi wa pabutchala, zaka zonsezi, ndilephere kuzindikira msuzi wa mafupa? Ndinaudziwa tsiku loyamba lomwe."

"Nanga munkadyeranji?"

"Ndinkaopa kuti ndikaukana, muona ngati ndakana inuyo."

Bambo wamkulu uja, wogwetsa ng'ombe yekha, analira pamaso pa namwino osabisa nkhope. Namwinoyo anali atakonzeka kukalipa, koma anangomukankhira bokosi la tishu. Kenako anati mpata ukadalipo, bola asiye lero lomwe. Anawonjezanso kuti dzanja loyezera mtedza lija ankanena la wodwala, osati la wophika.

Mawa lake madzulo bamboyo analowa ndi phukusi la pepala lomwe lija la pabutchala. Mayi ataliona mtima unapita pamwamba.

"Bambo, mwayambanso?"

"Tatsegulani kaye."

Munali mtedza wopanda mchere. Anali atausankha umodziumodzi pakauntala, wofota ndi wowola n'kutaya, makasitomala akudandaula pamzere kuti akuchedwa.

"Tambasulani dzanja," anatero.

Mayi anatambasula. Bamboyo analichirikiza pansi ndi dzanja lake la zipsera za mpeni, n'kuyamba kuthira pang'onopang'ono. Kadzanjako kanadzaza msanga, mpaka iye anadabwa. Zaka zonsezi sankadziwa kuti n'kakang'ono chonchi.

"Komatu ndi wochepa," anadandaula. "Mukhuta umenewu?"

"Ndi muyezo wanga umenewu. Wakwana."

Mayi anayamba kutola mtedzawo ndi dzanja linalo, n'kumadya umodziumodzi mosafulumira. Unatha wonse, koma bamboyo dzanja lija sanalisiye.