Wotchi Imene Inatsagana ndi Mwini Wake

Jenifa ankasenda kachewere pang'onopang'ono, makoko akugwera m'lichero limodzilimodzi. Mphepo ya Juni yochokera kuphiri inkamuluma m'mutu momwe lumo linadutsa m'mawa uja. Linali tsiku lometa maliro a bambo ake, a Gervazio, ndipo katundu yense anali atamutulutsa pabwalo: njinga, wailesi, makina osokera, majekete awiri ndi mipando inayi.

Anakhala pakhomo la khitchini dala. Pamenepo ankamva zonse popanda womuyang'ana.

"Makinawo apite kwanga," anatero a Benedicto, mng'ono wa malemu. Baji ya chipani inkanyezimira pachifuwa pawo. Anali apampando a nthambi, ndipo ku Bembeke palibe ankafuna kukangana ndi munthu amene mawa angakufunse khadi la chipani pamsika.

"Alamu, makinawo ndi amene ndimapezerapo fizi ya mwanayu," anatero a Marita, mayi a Jenifa, maso ali pansi.

"Mwanayo ali ndi amalume ake. Ife tikutenga za m'bale wathu. Fomu thuu yamukwana, apeze banja."

Mpeni unalowa kwambiri m'kachewere. Miyezi isanu imene a Gervazio anakhala akutsokomola fumbi la m'migodi ya ku Joni, a Benedicto anabwera kamodzi kokha, kudzabwereka njinga. Lero anali oyamba kufika, atakoka ngolo.

A Mandla, ankhoswe, anaika mbale pamkeka. M'mbalemo munali mawotchi awiri a malemu. Ina inali yagolide, yowala, muvi wake ukudumpha. Inayo inali yachitsulo, galasi lokandika, lamba wakuda ndi thukuta la zaka zambiri. Mivi yake inali chilili.

"Iyi yaima liti?" anafunsa a Mandla.

"Lolemba," anayankha a Marita. "Tikuchokera kumanda ndinaipeza itaima."

Anthu anayang'anana. Mayi wina wachikulire anagwira pakamwa. "Yatsagana ndi mwini wake imeneyo."

A Benedicto, amene anali atatambasula kale dzanja, analibweza.

Jenifa ankadziwa chimene chinaimitsa wotchiyo. Chaka chatha, popita kukamusiya kusukulu, bambo ake anapatukira naye pakhonde la sitolo ina ku Dedza tauni, kwa a Yusufu okonza mawotchi. Anatulutsa mawotchi onse awiriwo n'kuwaika patebulo.

A Yusufu anaika kagalasi kudiso, n'kuyamba ndi yagolide. "Iyi ndi yabwino ndithu, achimwene, koma golide wake ndi wopaka. Ku Lilongwe munapereka zingati? Makwacha zana ndi makumi awiri? Ine ndikupatsani makumi atatu, nakonso chifukwa ndinu. Zotere zikangotuluka m'sitolo, mtengo umatsala pakauntala."

Atatsegula yachitsulo ija anayang'anitsitsa m'kati mwake.

"Iyi ndi ya ku Swisi yeniyeni. Ilibe batire, imadya kuyenda kwa mkono. Mukaivula masiku awiri imagona, mukaigwedeza imadzuka. Pali azungu ku Lilongwe amene amandifunsa zotere mwezi uliwonse. Chikwi ndi theka, lero lomwe. Iyi ikamakalamba m'pamene mtengo ukukwera."

"Ndinaidyera nyemba zopanda mafuta zaka ziwiri imeneyo," anaseka a Gervazio. "Sikuti ndikugulitsa. Ndimafuna mwanayu amve yekha." Ali panjira anawonjezera: "Wamva, mama? Usunge m'mimba."

Ndipo anasungadi. Tsopano pabwalo paja ankangoopa chinthu chimodzi: kuti wina angagunde mbale ija, muvi n'kuyenda nthawi isanakwane. Anasiya kusenda, mpeni uli m'manja.

A Benedicto anatola yagolide ndi zala ziwiri, mosamala kuti asakhudze inayo. Anaivala, n'kukweza mkono kuti dzuwa liimenye.

"Nanga iyi?" anafunsa a Mandla.

"Ya chiyani? Chinthu chofa ndi munthu ndikalowe nacho m'nyumba mwanga? Atenge alamuwa. Akafuna akaikwirire."

"Ndifunsanso, monga timachitira. Mwaisiya m'manja mwa mkazi ndi mwana?"

"Ndaisiya."

"Kachitatu, a Benedicto. Zonenedwa tsiku lometa sizibwerera. Mwaisiya?"

"Ndati ndaisiya! Kodi ndikuyankhula Chingoni?"

Anthu anaseka pang'ono. A Mandla anawomba m'manja katatu, ndipo amuna onse anatsatira. "Anthu amva," anatero.

Apo Jenifa anaika mpeni pansi. Anapukuta manja pachitenje, n'kudutsa pakati pa mipando imene sinalinso yawo. Anagwada pamkeka monga mwana wophunzitsidwa mwambo, n'kutola wotchi yachitsulo ija.

"Jenifa, usakhudze!" anakuwa mayi wachikulire uja.

Anaigwedeza katatu, cha kumbali, monga bambo ake ankachitira m'mawa uliwonse asanachite chizindikiro cha mtanda. Kenako anaisonyeza kwa a Mandla. Nkhalambayo inaweramira pafupi, n'kudzidzimuka.

"Ikuyenda!"

Jenifa anaimanga pamkono, nkhope ya wotchiyo itayang'ana m'kati, momwe mwini wake ankavalira kuti isagundike pa ntchito. Lamba anali wamkulu. Anamufinya mpaka bowo lomaliza. Mawu ake, amene ambiri pamudzipo anali asanawamvepo bwinobwino, anatuluka osanjenjemera.

"Bambo aang'ono, yanuyo mukapite nayo kwa a Yusufu ku tauni. Akakupatsani makwacha makumi atatu, mukanena kuti ndinu m'bale wa a Gervazio. Iyi ndi chikwi ndi theka. Ndimaliza fomu folo, ndipo amayi agula makina atsopano."

A Benedicto anaimirira. "Mwana iwe, ukudziwa amene ukuyankhula naye? Bweretsa kuno!"

"Katatu, a Benedicto," anatero a Mandla, osakweza mawu. "Tonse tawomba m'manja."

Jenifa sanasunthe pamene anagwada. Anayang'ana wotchi yagolide ija pamkono wa a Benedicto.

"Bambo sankaikonda imeneyo, ankati imawayabwa. Ankaivala Lamulungu lokha, n'kukhala nanu benchi imodzi m'tchalitchi, malaya atapinda, kuti muione bwino n'kuiwala inayi. Musadandaule kuti mwalanda, ayi. Anagulira inu."