Feteleza wa Madzi wa Josphat

Lepu wa Josphat anayamba kuchita chikasu ngati mano anga atatu otsalawa. Josphat ndi mwana wa mlongo wanga, amalima dimba ku Nyampande. Lepu ameneyo ndiye ndiwo za ana ake, ndi zanganso, pakuti pakamwa panga sipasankha khomo.

Chitsime chitaphwa m'chilimwe, mnyamatayo anapeza nzelu. Ku Petauke kuli kafakitale kopaka zinki pa ndowa kuti zisachite dzimbili. Madzi otsukila zitsulo ankangowataya. Josphat akapeleka matimati ku msika, ankabwelako ndi madilamu a madziwo n'kumathilila.

"Azakhali, muli zinki umu!" anandiuza monyada. "Mwana akatsegula m'mimba, ku kiliniki amamupatsa zinki. Pa thumba la feteleza analembaponso zinki. Ndatola feteleza wa madzi!"

"Mchele nawonso ndi wabwino," ndinatelo, "koma sindinaone wothila thumba lonse mumphika."

Sanamve. Mkazi wake Eneless ndiye anakaitana amai Lillian, a zaumoyo a ku kiliniki kwathu. Iwo ananunkhiza m'dilamu, nkhope n'kukwinyika.

"Bambo, zinki wa m'mapilitsi ndi wochepa, ndipo ndi woyesedwa. Umu wachuluka, mulinso asidi. Akuwotcha mizu, akuwononga dothi. Ana asadye lepu uyu."

"Nanga tikasefa ndi chitenje changachi?" ndinafunsa. "Chinasefapo zinthu zaukali kuposa izi."

Amai Lillian anaseka. "Sasefeka, amama, anasungunuka ngati shuga mu tiyi. Amene ali ndi makina amasakaniza madziwa ndi mankhwala apadela onga mafuta. Akakhutchumula, zinki amachoka m'madzi n'kulowa m'mafutawo. Mafuta aja amayandama, amawayengula, kenaka amachotsamo zinki kuti akagwilenso nchito."

"Eneless, thamanga ukatenge saladi, mafuta athu ophikila aja!" ndinakuwa. "Lelo talemela!"

"Saladi ndi wokazingila mazila, amama. Sangagwile zinki. Iyi si nchito ya pakhomo ai."

M'mawa mwake Josphat anazula lepu yense, misozi ili m'maso. Ine ndinamupelekeza ku khonsolo, ndipo pakamwa panga pomwe anthu amadandaula napo panagwila nchito. A khonsolo anakayendela kafakitale kaja. Tsopano madziwo amasungidwa m'mathanki, galimoto n'kumawatengela kwa eni makina.

Anzake a m'madimba anamuthandiza kukumba chitsime chakuya, ndipo anafesa pamalo ena. Lepu watsopano wabiliwila, masamba ngati makutu a njovu. Dzulo ndinadya mpaka kumasula chitenje.

Mvelani kuno, ana inu: madzi ochoka ku fakitale musathilile mbewu, musamwetse ziweto, musachapile. Mukaona akutayidwa, kauzeni a zaumoyo kapena a khonsolo. Zinki musiyileni odziwa kumuyengula. Ine ndisiyileni lepu.