Pulasitiki wa Winfrida

Amene anakapempha pulasitiki wa Winfrida ndine, ndipo mpaka lero ndikamadutsa pakhomo pake ndimayang'ana kumbali.

Winfrida ndi mnansi wanga kuno ku Nangongwe, mayi wamasiye wa ana atatu, wamkulu dzina lake Given. Kwa zaka zisanu wakhala akuthamangira maminibasi pamsewu wa ku Lusaka, akugulitsa jakifuruti wouma m'timapaketi. Ntchito yake si yosiririka. Amapita ku Shimabala kwa mkulu wina dzina lake Yotamu, amene ali ndi mitengo inayi, n'kubwerako atasenza zipatso zolemera ngati mwana woyamba sukulu. Amadzola mafuta ophikira m'manja ndi pampeni kuti utomoni usamumate, amachotsa njere, kenako n'kuyanika pamathireyi a waya m'kachisakasa kofoleredwa ndi pulasitiki wokhuthala. Chipatsochi n'chamwano, chimapsa m'dzinja pamene dzuwa limaoneka mwa apo ndi apo. Popanda pulasitiki uja palibe chimene chimauma.

Chaka chino zinthu zinayamba kulongosoka. Bambo Ferdinand, eni sitolo yaikulu m'tauni imene anthu apaulendo amaimapo, analawa jakifuruti wake n'kumukonda. Anamulonjeza shelefu yonse, kuti asiye kupikisana ndi magalimoto pamsewu. Koma anati katundu wopanda chidindo cha ofesi yoyeza zakudya ku Lusaka salowa m'sitolo mwawo, ndipo Febuluwale akatha chidindo chisanaoneke, shelefuyo apatsa munthu wina woitanitsa zipatso zouma kuchokera kunja.

Winfrida anayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha. Anakayezetsa m'thupi kuchipatala, anasindikizitsa timapepala ta dzina lake ndi tsiku loti chakudyacho chisadyedwenso. Chinatsala n'chimodzi chokha, kukapereka mapaketi oti akayezedwe, ndipo anamuuza kuti abwere nawo Lachisanu. Lolemba anayanika zipatso zomaliza za m'mitengo ya Yotamu. Zimafuna masiku anayi kuti ziume mpaka m'kati.

Lachiwiri m'mawa, Aaron, mwana wa Mayi Mwandida a nyumba yoyang'anizana ndi ya Winfrida, anagundidwa ndi lole akutsitsa katundu paminibasi imene anali kondakitala wake. Anafera pomwepo. Pofika masana anthu anali atadzaza pabwalo, ndipo mvula inangoti tionane. Tenti ya mpingo inali kumaliro ena. Azibambo ananyowa n'kumanjenjemera, nkhuni zinanyowa, moto wa nshima unazima kawiri. Ine ndiye wapampando wa amayi a m'dera lathu, ndipo pamaliro ndimadzimva kwambiri, zimenezo sindikana. Maso anga anagwera pakachisakasa kaja.

Ndinamupeza Winfrida akutembenuza zipatso zake mofulumira, chitenje chakumaliro ali nacho kale m'chiuno.

"Amake Given, tipempako pulasitiki yanu," ndinatero. "Bantu banyowa, na moto ikana."

"Ba Idah, ivi vikalibe kuuma," anayankha motsitsa mawu. "Pa Chisanu nifunika kupeleka ku Lusaka. Kulibe vina, mitengo yasila."

Ndikanatha kubwerera n'kukafunafuna malata kwina. Koma ndinapsa mtima kuti munthu akuganiza za malonda mnzake atataya mwana, ndipo pakamwa panga sipachedwa.

"Pamene banafa batate bake Given, nindani anagona pansi munyumba mwanu sabata yonse? Si ba Mwandida?"

Anatenga hamala n'kuzula yekha misomali, mvula ikumuyenderera kumaso. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, timatero, koma tsiku limenelo mwambiwo ndinausandutsa chikwapu.

Zipatso anazilowetsa m'nyumba, anaziyala pabedi ndi patebulo. Kuzisamala sakanatha, chifukwa mnansi wapafupi chotero sachoka pasiwa. Akanangosowa ola limodzi, amayi akanamudya miseche chaka chathunthu, ndipo woyambitsa ndikanakhala ine ndemwe. Tinaika maliro Lachinayi. Titabwerako kumanda anandiitana, nandipatsa kachidutswa kamodzi.

"Gwilani, ba Idah. Muona monga vauma?"

Kunja kanali kouma, koma nditakafinya ndinamva kufewa m'kati. Ndinadziwa. Kungoti kunena zoona kukanakhala kuvomera mlandu wanga.

"Vili chabe bwino," ndinatero. "Pakilani."

Analongedza, namata mapaketiwo pamoto wa kandulo, ndipo m'mawa mwake anakwera minibasi.

Patapita milungu iwiri anamuitana kukamva zotsatira. Ndinamuona akutsika pasiteji, akuyenda ngati wodwala malungo, envulopu ili m'manja. Anandiuza yekha, osakweza mawu. Mkulu wa kuofesi kuja anaika mapaketi ake patebulo, m'kati mwayera nkhungu. Pepala linati chinyontho n'chochuluka, chakudyacho sichiyenera kudyedwa ndi munthu. Anamuuza mwaulemu kuti akhoza kubweretsa ena. Atenge kuti? Mitengo ya Yotamu idzabalanso mu Disembala. Anadzera kwa Bambo Ferdinand kukapempha kuti amudikire, koma iwo anangotambasula manja n'kunena kuti shelefu sigona ndi njala. Sabata yotsatira panali mapaketi onyezimira ochokera kunja.

Otsala onse Winfrida anakawataya kudzala. Sanandinyoze, sanandifunse chifukwa chake ndinamunamiza. Ndikanakonda akananditukwana pamaso pa anthu, mwina manyazi akanachepa.

Mwezi utatha, Mayi Mwandida anayamba kutuluka m'nyumba, ataonda mpaka dilesi kumangolendewera. Monga mwa mwambo, anafuna kuyenda khomo ndi khomo kuthokoza amene anawathandiza pamaliro, ndipo anandipempha kuti ndiwaperekeze. Kwa Winfrida anakana mpando, anakhala pansi pakhonde n'kuwomba m'manja.

"Mwana wanga, unativinikila pa mvula ija. Sinizaibala," anatero. "Nanga ku Lusaka kuja vinayenda bwanji? Banakupasa pepala?"

Winfrida anayang'ana mayi aja amene anaika mwana wawo m'manda, anayang'ana manja awo owonda ali pamaondo.

"Vinayenda bwino, amai," anayankha.

"Nenze kuziba," anatero Mayi Mwandida, misozi ikutsika. "Mulungu saibala muntu wabwino."

Kenako anatembenukira kwa ine, nati ndine mayi wanzeru, amene ndinaganiza za pulasitiki ena onse atasowa chochita. Winfrida ankandiyang'ana. Mayi Mwandida anatambasula manja awo onse awiri kundithokoza, ndipo ine ndinawalandira.